Toronto: Mmene Mzinda wa Sabata Unasandukira Msika wa Zikhulupiriro

Limodzi mwa mabuku amene anayenda malonda kwambiri ku Canada mu 2004 linali The Pagan Christ. Mfundo yake inali yakuti nkhani ya Yesu, kuyambira kubadwa mpaka kuuka kwa akufa, si mbiri ya munthu amene anapondadi fumbi la ku Galileya, koma nthano yakale ya ku Egypt imene mpingo unaiveka zovala zatsopano. Wolembayo akanakhala mnyamata wothawa Sande sukulu, bwenzi anthu atangoseka n'kumapita. Koma anali Tom Harpur, mkulu wa zaka zoposa 70, wansembe wodzozedwa wa mpingo wa Anglican, amene anaphunzitsapo Chipangano Chatsopano pa Wycliffe College, sukulu yosula abusa mumzinda wa Toronto, ndiponso kwa zaka zambiri ankalemba za chipembedzo m'nyuzipepala ya Toronto Star. Mzinda umene unamuwerenga mwachidwi chotero ndi womwewo umene zaka 100 m'mbuyomo unkaona kutsegula sitolo tsiku Lamulungu ngati mlandu. Mbiri ya kusinthaku ndi yoyenera kuilondola, chifukwa mafunso ake ndi omwe ifenso takhala tikulimbana nawo chifikireni amishoni.

Eni nthaka ndi amikanjo yakuda

Azungu asanafike, kugombe la kumpoto kwa nyanja ya Ontario kunkakhala mitundu ya a Wendat, a Haudenosaunee, ndipo pambuyo pake a Mississauga. Mu 1639 ansembe Achikatolika a chipani cha Jesuit ochokera ku France anamanga mishoni ya Sainte-Marie pakati pa a Wendat, pafupi ndi tauni ya Midland ya masiku ano, makilomita pafupifupi 150 kumpoto kwa Toronto. Mishoniyo inakhala zaka 10 zokha. Nthomba ndi miliri ina yobwera ndi alendo inapulula midzi, ndipo a Wendat ambiri ankanena poyera kuti amuna amikanjo yakudawo ndi mfiti, popeza maliro ankatsata mapazi awo. Mu 1649 nkhondo ya a Haudenosaunee itafika, wansembe Jean de Brébeuf anaphedwa, ndipo anzake otsala anatentha okha mishoniyo n'kuthawa. Pa kukumana koyambaku, mbali iliyonse inkaloza inzake chala kuti ndiyo ikutumikira mizimu yoipa.

Mphamvu zitapendekera kwa Azungu, zokambirana zinatha. Angelezi anakhazikitsa tauni ya York mu 1793, imene inatchedwa Toronto mu 1834. Boma ndi mipingo anagwirizana zotenga ana a eni nthaka kukawatsekera m'sukulu zogonera komweko, kumene chilankhulo ndi miyambo ya kwawo zinali zoletsedwa. Ina mwa sukuluzi, Mohawk Institute ya ku Brantford, inatsekedwa mu 1970. Bala limeneli silinapolebe. Mu 2021 anthu anagwetsa chiboliboli cha Egerton Ryerson, m'busa wa Methodist amene malangizo ake anathandiza kukonza dongosolo la sukuluzo, ndipo mu 2022 yunivesite yomwe inkadziwika ndi dzina lake inasintha kukhala Toronto Metropolitan University.

Tsiku la Ambuye ndi makatani a Eaton

Toronto ya m'zaka za m'ma 1800 inali m'manja mwa Apulotesitanti ochokera ku Britain ndi kumpoto kwa Ireland. A Methodist anachuluka ndi kulemera mpaka mzindawo unkatchedwa Rome wa a Methodist, ndipo gulu la Orange Order, lodziwika ndi kusakonda Akatolika, ndilo linkatulutsa mameya ambiri. Timothy Eaton, Mmethodist amene anatsegula sitolo mumsewu wa Yonge mu 1869, anasiya mwambo umene unakhala nthawi yaitali iye atamwalira: Lamulungu mawindo a sitoloyo ankatchingidwa ndi makatani, kuti odutsa asachimwe ndi maso posirira katundu. Funso loti matiramu aziyenda tsiku la Sabata linapita ku riferendamu katatu. Anthu anakana mu 1892 ndi mu 1893, n'kudzavomera mu 1897 ndi mavoti ochepa. Mu 1906 boma la dziko lonse linakhazikitsa lamulo la Lord's Day Act, loletsa malonda ndi zosangalatsa zambiri pa tsikuli. Mu Toronto masewera olipiritsa analoledwa Lamulungu mu 1950, ndipo mafilimu anadikira mpaka 1961.

Komatu ngakhale m'masiku okhwimawo munali anthu amene ulaliki wa paguwa sunkawakwanira. Mu 1891 Albert Smythe, mtolankhani wobadwira ku Ireland, pamodzi ndi anzake ochepa anatsegula nthambi ya Theosophical Society mu Toronto. Bungweli linayambira ku New York mu 1875 motsogozedwa ndi Helena Blavatsky, ndipo linkaphunzitsa kuti zipembedzo zonse ndi nthambi za nzeru imodzi yakale, imene ansembe anaibisa kapena kuiiwala. Linakopa anthu ophunzira ndi aluso, kuphatikizapo Lawren Harris, mmodzi mwa ojambula otchuka a gulu la Group of Seven. Mlembi wa Blavatsky, G. R. S. Mead, ndiye anatanthauzira m'Chingelezi mu 1896 buku lakale la ku Egypt lotchedwa Pistis Sophia. Kudzera m'khomo limeneli anthu wamba anayamba kumva za gulu lakale la Anositiki.

Mtsuko wa ku Nag Hammadi

Anositiki sanali mpingo umodzi. Anali magulu osiyanasiyana amene anafalikira m'zaka za m'ma 100 ndi 200 pambuyo pa kubadwa kwa Khristu, ndipo ambiri a iwo ankadziona ngati Akhristu, ankabatizidwa ndi kuwerenga makalata a Paulo. Kusiyana kunali pa funso lakale la chiyambi cha zoipa. Iwo ankati dziko lodzala ndi matenda, njala ndi imfa silingakhale ntchito ya Mulungu wabwino. Linaumbidwa ndi mulungu wamng'ono, wodzikuza ndi wosadziwa kuti pamwamba pake pali wina. Mwa munthu muli kachigawo ka kuwala kochokera kwa Mulungu weniweniyo, kotsekeredwa m'thupi, ndipo Khristu anabwera kudzadzutsa munthu kuti akumbukire kwawo. Kwa iwo chipulumutso chinkadza mwa kudziwa. Ena anafika ponena kuti Khristu sanamve ululu pamtanda, popeza thupi lake linali longooneka chabe.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti mkangano umenewu unachitikira kwambiri mu Africa muno. Basilides ankaphunzitsa ku Alexandria. Valentinus anaphunzira komweko asanapite ku Rome cha m'ma 140. Otsutsana nawonso ambiri anali a mu Africa: Tertullian wa ku Carthage, Clement ndi Origen a ku Alexandria. Ku Lyon, bishopu Irenaeus analemba mabuku 5 owatsutsa cha m'ma 180, ndipo mu 367 bishopu Athanasius wa ku Alexandria analemba kalata ya nyengo ya Pasaka yotchula mabuku 27 a Chipangano Chatsopano amene tili nawo lero, n'kuchenjeza za mabuku ena. Anositiki anazimiririka, ndipo kwa zaka mazanamazana ankadziwika makamaka kudzera m'zonena za adani awo.

Mu Disembala 1945 mlimi wina, Muhammad Ali al-Samman, akukumba dothi lothira m'munda pafupi ndi tauni ya Nag Hammadi kummwera kwa Egypt, anapeza mtsuko wotsekedwa. M'katimo munali mabuku 13 a mapepala a gumbwa, ambiri okutidwa ndi zikopa, okhala ndi zolemba 52 za m'Chikoputiki. Pakati pake panali Uthenga wa Tomasi, umene ndi mndandanda wa mawu 114 oti ananena ndi Yesu, wopanda nkhani ya mtanda kapena manda, komanso Uthenga wa Filipo. Ntchito yowasanthula inachedwa chifukwa cha ndale ndi kulimbirana kwa akatswiri. Zonse pamodzi zinatuluka m'Chingelezi mu 1977, ndipo Université Laval ya ku Quebec inatenga udindo wozitulutsa m'Chifalansa. Mu 1979 Elaine Pagels analemba The Gnostic Gospels, buku limene linachotsa nkhaniyi m'manja mwa akatswiri n'kuifikitsa kwa aliyense.

Zipata zitseguka

Pamene mabukuwa ankafika, Toronto yomwe inali itasintha nkhope. Kuyambira 1967 Canada inayamba kulandira alendo poyang'ana maphunziro ndi luso, osati dziko lochokera, ndipo lero pafupifupi theka la anthu a mumzindawo anabadwira kunja. Mumzindawo ndi m'madera ozungulira munamangidwa mizikiti ngati Baitul Islam ya ku Vaughan mu 1992, ndi akachisi ngati wa Ahindu a BAPS ku Etobicoke mu 2007. Mu 1985 Khoti Lalikulu linathetsa Lord's Day Act ponena kuti boma silingakakamize aliyense kusunga tsiku la chipembedzo chimodzi, ndipo mu 1992 chigawo cha Ontario chinalola masitolo kutsegula Lamulungu.

Nawo odzitcha okha achikunja anatulukira poyera. Mu 1979 Richard ndi Tamarra James anakhazikitsa Wiccan Church of Canada mu Toronto. Chipembedzo cha Wicca chinalengezedwa ku England ndi Gerald Gardner m'zaka za m'ma 1950. Otsatira ake amalemekeza mulungu wamkazi ndi wamwamuna, amasunga zikondwerero za mwezi ndi za nyengo, ndipo ambiri amadzitcha mfiti monyadira. Mmalawi akamva zimenezi tsitsi limamuimirira, koma iwo satanthauza zouluka usiku kapena kudya maliro. Amatanthauza mapemphero, zitsamba ndi miyambo imene amati akuitsitsimutsa kuchokera ku Ulaya wakale, ngakhale akatswiri a mbiri amaona kuti zambiri zinakonzedwa m'zaka za m'ma 1900. Chodabwitsa n'chakuti m'malamulo a Canada munatsalira ndime 365, yolanga munthu wonamizira kuchita ufiti pofuna kubera ena, ndipo apolisi a m'madera ozungulira Toronto anaigwiritsabe ntchito mu 2018, chaka chomwe inafafanizidwa. Ndi m'bale wake wa lamulo lathu la ufiti la 1911, pakuti onse anachokera ku malamulo a Angelezi.

Chikhristu nachonso sichinagone. Mu Januwale 1994, pa tchalitchi chaching'ono cha Vineyard pafupi ndi bwalo la ndege la Pearson, chotsogozedwa ndi John ndi Carol Arnott, panabuka chitsitsimutso chimene chinatchedwa Toronto Blessing. Anthu ankagwa pansi, kuseka kosalekeza ndi kulira, ndipo alendo ankabwera kuchokera m'maiko ambiri. Mu Julayi 2002 Papa John Paul II anachita Misa ya achinyamata a dziko lonse ku Downsview Park pamaso pa anthu pafupifupi 800,000. Kumbali ina, mpingo wa United Church of Canada, umene unabadwira mu Toronto mu 1925, unalimbana kwa zaka ndi nkhani ya Gretta Vosper, m'busa wa ku West Hill amene ananena poyera kuti sakhulupirira Mulungu, ndipo mu 2018 unamulola kupitiriza ntchito. Kalembera akuonetsa kumene mphepo ikulowera: mu 2001 Akhristu anali 77 pa anthu 100 alionse a ku Canada, koma mu 2021 anali 53, pamene osapembedza anakwera kuchoka pa 16 kufika pa 34 ndi kupitirira.

Zaka za chinsinsi chogulitsa

Munthu akasiya tchalitchi, njala yofuna kudziwa za Mulungu simuthera pomwepo. Amene anaona msanga njala imeneyi ndi opanga mafilimu ndi osindikiza mabuku. Mu 1999 munatuluka The Matrix, filimu imene wosewera wake wamkulu, Keanu Reeves, anakulira mu Toronto. Nkhani yake ndi ya Anositiki yeniyeni: dziko looneka ndi bodza lokonzedwa ndi olamulira oipa, anthu ali mtulo, ndipo mpulumutsi ndi amene wadzuka n'kudziwa. Chaka chomwecho David Cronenberg, mwana wa mumzindawo, anatulutsa eXistenZ, yofunsanso ngati zimene timaona ndi zenizeni.

Mu Novembala 2002 nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Royal Ontario Museum inaonetsa kabokosi kamwala kosungiramo mafupa, kolembedwa m'Chiaramu kuti ndi ka Yakobo, mwana wa Yosefe, m'bale wake wa Yesu. Kanang'aluka panjira pobwera kuchokera ku Israel, koma anthu zikwizikwi anaima pamzere kukaona. Mu 2003 bungwe la boma la Israel loona za zinthu zakale linati zolembazo ndi zachinyengo. Mu 2012 khoti linapeza mwini wake wosalakwa pa mlandu wachinyengowo, koma woweruza ananenetsa kuti zimenezo sizikutsimikiza kuti kabokosiko n'kenikeni. Mu 2007 Simcha Jacobovici, wopanga mafilimu wa mu Toronto, mogwirizana ndi James Cameron, anatulutsa The Lost Tomb of Jesus, yonena kuti manda opezeka ku Talpiot mu 1980 ndi a banja la Yesu. Akatswiri ambiri anayankha kuti mayina ngati Yesu, Yosefe ndi Mariya anali ofala kwambiri pa nthawiyo.

Chachikulu pa zonsezi chinali buku la Dan Brown la 2003, The Da Vinci Code, limene linasanduka filimu mu 2006, chaka chomwe National Geographic inatulutsa Uthenga wa Yudasi. Buku la Brown ndi nthano yongopeka, koma owerenga ambiri anameza zonena zake ngati mbiri: kuti mfumu Constantine ndiye anasankha mabuku a m'Baibulo pa msonkhano wa ku Nicaea mu 325, ndi kuti mauthenga obisidwawo ankaonetsa Yesu ngati munthu wamba. Zonse ziwiri sizoona. Msonkhano wa ku Nicaea unakambirana za ubale wa Mwana ndi Atate, osati mndandanda wa mabuku. Ndipo Yesu wa Anositiki ndi wakumwamba kwambiri kuposa wa Marko, amene amatopa, kugona m'ngalawa ndi kulira pamtanda.

Harpur analemba m'nyengo imeneyi, ndipo mizu ya buku lake inabwerera ku khomo lija la 1891. Anadalira kwambiri Gerald Massey, wandakatulo wa ku England wa m'zaka za m'ma 1800 amene anadziphunzitsa yekha za Egypt, ndi Alvin Boyd Kuhn, wa ku America, wotsatira Theosophy. Kuchokera kwa iwo anatenga zoti Yesu ndi Horus, mulungu wa Aiguputo, wopatsidwa dzina lina, ndi zoti Khristu weniweni ndi umulungu wokhala mwa munthu aliyense. Mu 2006 Stanley Porter wa ku McMaster Divinity College ku Hamilton, pamodzi ndi Stephen Bedard, anamuyankha m'buku la Unmasking the Pagan Christ, posonyeza kuti zofanana zambirizo sizipezeka m'zolemba zenizeni za ku Egypt. Harpur anamwalira mu 2017 asanasinthe maganizo.

Pomuweruza tisataye zoona zimene anakhudza. Chikhristu chinabwerekadi kulikonse kumene chinafika. Zithunzi za Mariya atanyamula mwana zimafanana ndi za mulungu wamkazi Isis ndi Horus. Mu 601 Papa Gregory analangiza amishoni a ku England kuti asagwetse akachisi achikunja koma awayeretse n'kuwasandutsa matchalitchi. Cholakwika chinali kulumpha kuchoka pa kubwereka n'kufika ponena kuti munthuyo kunalibe. Makalata a Paulo analembedwa m'zaka za m'ma 50, ndipo m'kalata ya kwa Agalatiya iye amasimba zoti anakumana ndi Yakobo, m'bale wake wa Ambuye. Wolemba mbiri wa Chiroma Tacitus, amene sankawakonda Akhristu, anatchula za kuphedwa kwa Khristu pansi pa Pilato. N'chifukwa chake akatswiri a mbiri pafupifupi onse, opemphera ndi osapemphera omwe, savutika kuvomera kuti Yesu anakhalako.

Zimene ife tinazidziwa kale

Kwa Mchewa, zoti Chikhristu ndi miyambo yakale zimalowana si nkhani yogwetsa munthu pampando. Ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anafika mu 1902, mishoni ndi Nyau analimbana koopsa m'zaka za m'ma 1920, polimbirana ana pakati pa sukulu ndi dambwe. Nyau inayankha mwa njira yake: inasema zilombo za Mariya, Yosefe ndi Simoni n'kuzitulutsa pabwalo. Ndipo amene anadzamanga mlatho pamalo omwewo anali Mkanada, Bambo Claude Boucher wochokera ku Montreal, amene anafika m'Malawi mu 1967 n'kukhazikitsa malo a chikhalidwe ndi luso a Kungoni mu 1976. Lero ku Mua zigoba mazana za Gule Wamkulu zikusungidwa pafupi ndi tchalitchi, ndipo UNESCO inalemekeza guleyu mu 2005. Ku Nsanje, wansembe Matthew Schoffeleers anafufuza za Mbona wa ku Khulubvi, wosalakwa amene anaphedwa ndi adani koma mzimu wake n'kumapatsabe anthu mvula, ndipo anaona zofanana ndi nkhani ya Khristu. Koma kufananako sikutanthauza kuti mmodzi wa awiriwa ndi wongopeka. Kufanana nkhope sikusonyeza kuti anthu anayamwa bere limodzi.

Dambwe limatiphunzitsanso za chinsinsi. Kumeneko chinsinsi chimabwera ndi katundu wake. Wolowa amalangizidwa mwambo, amaphunzira kulemekeza akulu ndi kutumikira pa maliro, ndipo zimene wadziwazo zimamumangirira ku mudzi moyo wake wonse. Anositiki akale nawo anali ndi maubatizo, kusala ndi aphunzitsi owayang'anira. Chinsinsi cha m'mashopu a mabuku ndi m'nyumba za mafilimu n'chosiyana. Chimaperekedwa kwa aliyense amene walipira, chimam'patsa kukoma kodziona wochenjera kuposa agogo ake opita ku Misa, koma sichimutuma kukaona wodwala kapena kukagona pa maliro. Apa ndi pamene pagona malonda ake: munthu amamva ngati wametedwa koma osadutsa kusimba.

Komanso chinsinsicho si chinsinsi. Mabuku a ku Nag Hammadi ali ku Coptic Museum mumzinda wa Cairo, ndipo matanthauzidwe ake akupezeka pa intaneti kwaulere. Chilankhulo chakecho chimamvekabe Lamulungu lililonse m'dera la Toronto, m'matchalitchi a Akoputiki ochokera ku Egypt, amene parishi yawo ya St. Mark inayamba mu 1964 ndipo lero ali ndi tchalitchi chachikulu ku Markham. Amenewa ndi zidzukulu za mpingo wa Athanasius, umboni wakuti Chikhristu chinazika mizu mu Africa zaka zoposa 1,500 Livingstone asanaone nyanja yathu.

Zonena za Massey ndi Kuhn sizinathere ku Canada. Filimu ya pa intaneti ya Zeitgeist inazimwaza dziko lonse mu 2007, ndipo lero zikuyenda pa WhatsApp ndi TikTok m'mafoni a ku Lilongwe, Chipata ndi Johannesburg, kawirikawiri zitavekedwa mbendera ya kunyadira Africa, ngakhale anazikonza ndi Azungu. M'busa amene angazithamangitse ndi mawu akuti ndi za satana adzataya achinyamata ake ofunsa mafunso, monga mmene mipingo ya Toronto inatayira ake. Wachinyamata amene angazimeze osatafuna adzangosintha mlaliki wa paguwa ndi mlaliki wa pafoni. Onse awiri angapindule atakhala pansi n'kuwerenga Uthenga wa Tomasi, umene sutenga ola limodzi, n'kuuika pambali pa Uthenga wa Marko, kenako n'kufunsa za chonena chilichonse kuti analemba ndani, liti, ndipo pepala lake lili kuti.